N'chifukwa chiyani gitala ya B.B. King imakhala chete iye akamayimba?

Wophunzira wa ku Kabwata:
Akuluakulu, ndithandizeni. Malume anga atamwalira anandisiyira makaseti angapo, ndipo pakati pawo ndapeza ya B.B. King, imene ndimamvetsera madzulo aliwonse pophunzira gitala. Chandidabwitsa n'chakuti iye akatsegula pakamwa gitala imakhala chete, ndipo akatseka pakamwa m'pamene imayamba kulira. Kodi ankachita dala, kapena kunali kulephera?

Mkulu wa ku Matero:
Mwanawe, uli ndi khutu labwino. B.B. King, amene dzina lake lenileni linali Riley B. King, anabadwa mu 1925 m'dera la minda ya thonje ku Mississippi m'dziko la America, ndipo nyimbo anaziyambira m'tchalitchi, kumene mbusa Archie Fair anamusonyeza koyamba kagwiridwe ka nsambo. Aliyense amene anagonapo pa maliro kuno ku Lusaka akudziwa kuti mayi mmodzi amayambitsa nyimbo, ena onse n'kuvomera. King nayenso ankachita chimodzimodzi, pakuti mawu ake ankayambitsa, gitala n'kuvomera. Mwini wake sankabisa kuti kuyimba ndi kuliza pa nthawi imodzi kunkamuvuta, koma ine sindiona kulephera pamenepo, chifukwa mpata umenewo ndi umene unapatsa gitalayo mawu akeake.

Mayi wa ku Chilenje:
Bambo a ku Matero anena zoona, ndipo ndiwonjezere kuti gitalayo inali ndi dzina la munthu, Lucille. Mu 1949, m'tauni ya Twist ku Arkansas, amuna awiri anamenyana m'nyumba yovinira n'kugubuduza mgolo wa palafini umene unkayaka kuti anthu awothe. Nyumba itagwira moto, King anathawira panja ndi anzake, koma atakumbukira gitala yake anabwereranso m'kati kukaitenga. Atamva kuti ndewuyo inali yolimbirana mkazi wotchedwa Lucille, anatcha gitalayo dzina limenelo kuti asadzachitenso chinthu choopsa chotero. Mwananga, ukamamvetsera tchera khutu pamene akugwira nsambo imodzi n'kuinjenjemeretsa ndi chala mpaka imveke ngati munthu akusisima. Luso limenelo analipeza poyesa kutsanzira msuweni wa mayi ake, Bukka White, amene anakhala naye ku Memphis mu 1946 ndipo ankaliza potsetsereza kachitsulo pa nsambo.

Woliza gitala wa ku Garden:
Achimwene, musaiwale thukuta lake. Mu 1956 mokha anayimba pamaso pa anthu maulendo 342, ndipo mu 1974 anafika kwa anansi athu ku Kinshasa, pa chikondwerero chimene chinakonzedwa limodzi ndi nkhonya za Muhammad Ali ndi George Foreman. Anayimbabe atakalamba, atakhala pampando, mpaka kutatsala miyezi yochepa kuti amwalire ku Las Vegas mu 2015, ali ndi zaka 89.

Wophunzira wa ku Kabwata:
Zikomo kwambiri, akuluakulu. Usiku wathawu ndinayesa kunjenjemeretsa nsambo imodzi mpaka chala chinatuluka thuza, koma kulira kwake sikunafanane ndi kwa Lucille. Kodi mphamvuyo imachokera m'chala chokha, kapena dzanja lonse liyenera kugwedezeka?