Zaka 6 osalapa, ndiyambire pati?

Wobisa dzina: Abale anga mwa Khristu, ndithandizeni. Papita zaka 6 ndisanakalape. Ku Misa ndimapita, koma ikafika nthawi ya Ukaristia ndimangopinda miyendo pa benchi kuti anzanga adutse. Chilipo chimene ndinachita, sindichitchula pano. Komanso wapampando wa mphakati wathu anandinyoza pagulu, ndipo mlamu wanga woimba kwaya uja sandipatsa moni. Bambo mfumu, wansembe wa parishi yathu amene ndingakalapeko, amandidziwa ndi mawu omwe. Kodi Mulungu angandikhululukirebe? Tulo sindikuona.

Katekisiti Wopuma: Zaka 6! Mpingo umalamula kulapa kosachepera kamodzi pachaka, ndipo lamuloli lilipo kuyambira 1215. Vuto lanu ndi kunyada. Za mlamu mwafotokoza bwinobwino, tchimo lanu mwalikwirira. Werengani Luka 18. Wokhometsa msonkho anaima patali akudziguguda pachifuwa, sanatchule zolakwa za mnzake.

Amake Tadala: Akatekisiti, mukufuna aulule pano? Ife si ansembe.

Mlongo Wanu: Za alamu musandiuze. Wanga anandinamizira za ndalama za maliro, zaka 3 ndinkadumpha mawu oti "monga ifenso tikhululukira" popemphera Atate Athu. Mpaka lero mtima umandipweteka.

Wa Chifundo: Yambani Kolona ya Chifundo cha Mulungu, 3 koloko masana tsiku lililonse. Faustina wa ku Poland, amene Papa Yohane Paulo II anamuika m'gulu la oyera mu 2000, anafalitsa pempheroli chifukwa cha mitima yolemedwa ngati wanu.

Mlendo: Bwanji osangolapa kwa Mulungu kuchipinda kwanu?

Katekisiti Wopuma: Yohane 20:23, kawerengeni! Yesu anapatsa atumwi mphamvu yokhululukira machimo. Ndipo inu a Kolona, pemphero sililowa m'malo mwa sakramenti. Akhristu a lero akufuna chifundo chopanda chisoni cha machimo.

Amake Tadala: Mwana wolowerera uja bambo wake anamuthamangira asanayambe n'kulankhula komwe. Inu mukumubweza munthu pakhomo. M'bale wanga, ngati mukuchita manyazi pitani ku parishi ina. Yambani ndi kunena zaka zimene zapitazo, wansembe akutsogolerani. Zimene wamva saloledwa kuuza aliyense, ngakhale atamuopseza.

Wobisa dzina: Zikomo amayi. Nanga ngati amene ndinamulakwirayo sakudziwa mpaka pano?

Katekisiti Wopuma: Mwaona? Ndinanena ine kuti pali zambiri. Ngati n'katundu wa mwini, mubweze.