Ndikufuna dimba lokhala ndi kadziwe pakati, ndiyambire pati?

Nachisale_wa_maluwa:
Abale ndithandizeni maganizo. Kuseri kwa nyumba kuli malo opanda kanthu, ndiye ndakhala ndikulakalaka kadziwe ka mamita 2 mulitali ndi 1.5 mulifupi, kokhala ndi kafaunteni, kuti maluwa ndi kanjira zizungulire pamenepo. Ndimafuna ndikakumbe pansi pa mtengo waukulu uli pakona poti pali mthunzi wabwino. Koma amuna anga akuti ndikuitana udzudzu, komanso tili ndi mwana wa zaka 2. Ndiyambe kudzala maluwa kapena kukumba?

Mlimi_Wakale:
Achemwali, pansi pa mtengo ayi chonde. Ine ndinachita zomwezo, masamba amagwera m'madzi tsiku ndi tsiku nkumawolera pansi, madzi anada bii nkuyamba kununkha, kenako mizu inadzaboola pulasitiki ndinayala pansi ija, mmawa wina ndinangopeza matope okhaokha achule ali phee. Sankhani malo oti dzuwa lizifikapo maola 5 kapena 6, maluwa a m'madzi aja a water lily sachita maluwa pamthunzi.

Yambani ndi dziwe, maluwa pambuyo, chifukwa dothi lotuluka m'dzenjemo ndi lambiri ndipo mudzapondereza zonse mwadzala. Musanagwire khasu tengani chingwe muyale pansi momwe mukufunira kuti dziwe lioneke, ndiye mukakhale pampando pomwe mumakonda kukhala madzulo, mukasuzumirenso pawindo. Ngati simukuliona bwino sunthani chingwecho. Chisiyeni pompo sabata yonse muzichiona.

Kuya kwake pakati pafike masentimita 60, m'mbali musiye ngati sitepe ya masentimita 20 mpaka 30 yoikapo miphika ya zomera. Pogula layina (pulasitiki kapena labala yoyala pansi pa dziwe kuti madzi asalowe m'nthaka) werengani chonchi: mulitali, kuphatikiza kuya kawiri, kuphatikizanso masentimita 60 opindira m'mphepete, mulifupinso chimodzimodzi. Kwa inuyo ndi mamita 3.8 ndi 3.3. Ya labala ija amati EPDM imakhalitsa kuposa ya pulasitiki ya PVC. Pansi pake muthire mchenga kaye, kamwala kamodzi kosongoka kamakwana kukuliritsani.

Tombolombo22:
Za udzudzuzo abambo akunyumbawo sakunama koma zili ndi mankhwala ake. Udzudzu umaikira mazira m'madzi odekha ndipo kukatentha sabata imodzi kapena masiku 10 basi wauluka. Madzi akamayenda suwakonda. Dziwe lanulo likhala ndi malita osapitirira 1,800, ndiye pampu yokoka malita 1,000 pa ola ikwana, madzi onse azizungulira maola awiri aliwonse. Muikemonso tinsomba tating'ono ngati ma guppy, timadya mphutsi za udzudzu. Madzi a pampopi asiyeni akhale masiku angapo musanaike nsomba chifukwa cha klorini. Ndipo faunteni isamathovukire pa water lily, masamba ake safuna kumenyedwa ndi madzi, muike mbali ina.

Chinanso, wina akakupatsani namasupuni mukane ngakhale maluwa ake akongole bwanji. Chomera chimenechi chinachokera ku South America ndipo chimaswana moopsa, mwezi umodzi madzi simuwaonanso. Bola gumbwa, koma mumphika.

MayiAwiri:
Ine ndiyankhapo za mwanayo, pepani ngati ndikusokoneza mapulani. Mwana wa zaka 2 amatha kumira m'madzi osafika nkomwe m'mawondo, ndipo sakuwa, simumva kanthu. Ine kwathu ndinasiya za dziwe lotseguka, ndinakwirira thanki pansi, pamwamba pake waya wolimba ndi miyala, pampu imakankha madzi kutulukira mumtsuko waukulu nkumatsikira m'miyalamo kubwerera muthanki. Kaphokoso ka madzi kaja kalipo, mbalame zimabwera kudzamwa, koma palibe poti mwana angagweremo, udzudzunso ulibe poikira. Akadzakula mudzakumba dziwe lenileni pamalo pomwepo poti paipi ndi magetsi zidzakhala zilipo kale. Magetsiwo akuikireni amene anaphunzira ntchitoyo, kapena mugule pampu ya sola.

Nachisale_wa_maluwa:
Zikomo nonse. Amayi mwandigwira mtima, za thanki ndi mtsukozo ndi zomwe ndichite kaye. Chingwe ndayala kale masana ano, ndachisuntha kawiri, pano chili moyang'anana ndi windo la kukhitchini. Funso lina, thanki yake ikhale ya malita angati kuti ndisamangothiramo madzi tsiku lililonse nthawi yotentha?