Thandizeni, tikufuna kukasaka ma geocache ku London koma ndili ndi nkhawa

Moni nonse m'gulu muno. Funso langa likupita kwa inu amene mumakhala ku London kapena munachitapo geocaching mumzinda waukulu. Ine ndi anzanga akuntchito, tonse a Malawi a kuno ku Manchester, tapangana zopita ku London Loweruka m'mawa pa kochi nkubwerera Lamulungu madzulo. Kwa amene simukuidziwa, anthu amabisa timabokosi pena pake nkulemba manambala a GPS pa app ya Geocaching, iwe umatsata foni mpaka kukapeza, mkatimo mumakhala kapepala kolembapo dzina ndi deti, ukatero umabwezera pomwepo. Kuno timasaka m'mapaki ndi m'mbali mwa canal ndipo zikutithandiza kwambiri, munthu ukagwira ma shifiti ausiku sabata yonse ku care home mutu umafuna kupitidwa mphepo, nzathu wina amene ankangodzitsekera m'chipinda pano ndi amene amatidzutsa kuti tiyeni.

Nkhawa yanga ndi iyi. Kuno kumakhala kopanda anthu koma ku London ndaona pa mapu kuti ma cache ambiri ali pakati pa chigulu, ndiye taganizani anthu akuda angapo akusuzumira pansi pa benchi, akupapasa kuseri kwa zitsulo pafupi ndi Tower Bridge, kodi sitiitaniridwa apolisi? Mmodzi wa ife ali pa visa yantchito ndipo safuna kalikonse kokhudza polisi, wanena kuti ngati sindipeza yankho lomveka sapita. Ine ndikufunitsitsa apite chifukwa ulendowu tinaukonzera iyeyo. Komanso tiyambire kuti tikatsika pa Victoria Coach Station, nanga app yaulere ikwana?

Mayi wa ku Croydon: Achemwali nkhawa yanu ndi yomveka musaipeputse. Mu 2011 ku Wetherby, ku West Yorkshire, munthu anaoneka akuika kabokosi ka geocache mumsewu wa mashopu, anthu anaitana apolisi, msewu unatsekedwa ndipo asilikali oona za mabomba anakaphulitsa. Ndiye pafupi ndi Parliament, Downing Street, ma station a sitima, kumeneko musapapase chilichonse. Sakani ma virtual cache, amenewo alibe kabokosi, mumangofika pamalopo nkujambula chithunzi kapena kuyankha funso basi.

Mnyamata wa ku Luton: Sisi vuto si khungu lokha, ndi kuchulukana pamalo amodzi. Mukayandikira, mmodzi yekha ndi amene azisaka, enanu khalani pa benchi muzidya ma chips kapena kujambulana ngati alendo. Werengeranitu hint ndi zomwe analemba amene anapeza posachedwa musanafike, kuti dzanja lipite kamodzi. Za mutauni zambiri ndi ma nano, kachitsulo ka maginito kochepa ngati nsonga ya chala, kamamatira kuseri kwa chikwangwani kapena pansi pa mpanda wachitsulo, kapepala kake nkopindidwa mothina moti popanda ka tweezers simukatulutsa. Cholembera tengani chanu.

Bambo wina: Ine sindikuona chifukwa chodziika pa mavuto. Tinabwera kuno kudzagwira ntchito, pitani mukaone Buckingham Palace mudye mubwere.

Wofunsa: Bambo ndakumvani ndipo ndikudziwa mukunena chifukwa chotikonda. Koma sitikuba, masewerawa anayamba mu 2000 ku Oregon ndipo anthu amachita ndi ana awo dziko lonse, sindikufuna kuti mantha atitsekere m'nyumba. Ndikungofuna tichite mwanzeru.

Mayi wa ku Croydon: Sikulakwa ayi mwanawe. Wina akakufunsani musabise, muonetseni app pa foni nkufotokoza, alonda ambiri anaionapo kale. Wapolisi akafuna kukusechani ku England kuno lamulo limati akuuzeni dzina lake, polisi yomwe akuchokera ndi chifukwa chake, ndipo muli ndi ufulu wolandira umboni wolembedwa wa kusechako. Muwauze anzanuwo zimenezi mtima ukhale m'malo. Mukaona kuti pamalo pali alonda kapena makamera okhaokha ingodutsani, cache ina ili kutsogolo.

Mnyamata wa ku Luton: Za njira, Loweruka yendani wapansi ku South Bank kuyambira pa Westminster Bridge kulowera ku Tower Bridge, kumeneko aliyense amakhala atagwira foni akuimaima ndiye simuoneka achilendo. City (dera la mabanki pakati pa London) ndi Canary Wharf ndikanati musiye, nyumba zitalizitali zimasokoneza GPS, kadontho kamangolumphalumpha mumapezeka mukuzungulira pamodzimodzi, komanso Canary Wharf ndi malo a eni ake ali ndi alonda awo. Lamulungu pitani ku Greenwich. Mukaime pa mzere wa Prime Meridian (mzere wa longitude 0 wogawa dziko kum'mawa ndi kumadzulo) pa Royal Observatory muyang'ane foni, muona kuti longitude siikuonetsa 0 ndendende, 0 wa GPS ali cha pa mamita 100 kum'mawa kwa mzerewo, anthu osaka ma cache amakonda kukamupeza. Mukatero mutha kuwoloka Thames pansi pa madzi kudzera mu Greenwich Foot Tunnel, ndi ulere.

Mtsikana wa ku Leeds: App yaulere imangokutsegulirani ma traditional (timabokosi wamba) osavuta, amene mlingo wa kuvuta kwake (difficulty) ndi wa malo ake (terrain) ndi 2 kutsika m'munsi, enawo imafuna Premium. Mmodzi alipire ya mwezi umodzi nonse muzitsata foni yake, zikwana. Power bank musaiwale GPS imadya batire koopsa. Basi za London salandira ndalama za m'manja, aliyense akhale ndi khadi yake ya contactless kapena Oyster, khadi imodzi simungagawane. Foni muziigwira bwino m'mbali mwa msewu, akuba apanjinga amatsomphola. Ndipo ngati mukupita nyengo yozizira ino mdima ukumagwa cha m'ma 4, kusaka ndi tochi mutauni ndiye kumene kumakayikitsa anthu.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, ndatumiza zonsezi kwa nzathu uja ndipo wati apita bola ku Westminster tikangochita ma virtual. Tiziweruka kusanade. Chatsala ndi pogona, alipo akudziwa hostel yotchipa koma yaukhondo cha ku Greenwich kapena London Bridge yoti tingapeze chipinda chathu chokha? Komanso zikwama tingasiye kuti Lamulungu tikatuluka, sindikufuna tiziyenda ndi zikwama zazikulu kumsana uku tikusuzumira m'mipanda.