Fonti ya magazini ya jazz: mitu ikukongola koma nkhani sizikuwerengeka

Wofunsa: Akuluakulu anzanga pa ntchitoyi, ndikupempha nzeru. Ndapatsidwa ntchito yokonzanso maonekedwe a magazini yolemba za nyimbo za jazz ndi soul, imene owerenga ake ambiri ndi anthu achikulire, ngakhale eni ake akufunanso kukopa achinyamata. Ndinasankha fonti (mtundu wa zilembo) ya Bodoni pa mitu ndi pa nkhani zomwe, ndipo masamba ena ndinawadetsa n'kuikapo zilembo zoyera za 9 pt (pt ndi muyeso wa kukula kwa zilembo). Pa kompyuta zinkaoneka bwino kwambiri, koma masamba oyesera atabwera kuchokera kosindikizira, timizere topyapyala tazimirira, moti "e" akuoneka ngati "c". Kodi vuto ndi fontiyo kapena makina?

Wosindikiza: Achimwene, makinawo musawanamizire. Zilembo za Bodoni zili ndi mizere ina yonenepa kwambiri ndi ina yopyapyala ngati tsitsi, ndipo inki ikagwa papepala imafalikira pang'ono n'kumeza yopyapyalayo, makamaka pamene chilembo chili choyera pakati pa chakuda. Ngati chakudacho munachipanga posakaniza mitundu yonse inayi ya inki yosindikizira (CMYK), ndiye kuti puleti yosindikizira mtundu umodzi ikangosuntha pang'ono, m'mphepete mwa zilembo mumalowa mtundu wina. Nkhani zazitali muzilembe ndi inki yakuda yokha, 100% K, papepala loyera. Pamene mukufunadi tsamba lakuda, ikanipo fonti yopanda serif (timizere ta kumapeto kwa zilembo), yonenepako, yosachepera 10 pt, ndipo mawuwo akhale ochepa.

Mkonzi wa nkhani: Bambo osindikizawa anena zoona, koma ine ndikuona kuti funso lalikulu ndi lakuti mukulembera ndani. Munthu wachikulire amene wagula magazini kuti awerenge nkhani ya masamba asanu yokhudza woimba lipenga amene amamukonda, amakhala nayo nthawi yaitali, ndipo maso ake satha kupirira tizilembo tothinana. Mumupatse fonti yopangidwira kuwerenga, monga Minion, imene Robert Slimbach anakonzera kampani ya Adobe mu 1990, pa 10.5 pt, mpata wa mizere ukhale 13 pt. Nyimbozo zimvekere m'mitu. Okonda jazz ambiri anazolowera zikuto za malekodi a kampani ya Blue Note zimene Reid Miles ankakonza m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, zokhala ndi zilembo zazikulu zonenepa ndi malo ambiri osalembedwa kanthu. Franklin Gothic ingakufikitseni pafupi ndi maonekedwe amenewo, ndipo owerenga anu adzawazindikira asanawerenge liwu limodzi. Kunena zoona, Bodoni imandikumbutsa kwambiri magazini a zovala kusiyana ndi a nyimbo.

Wojambula wachinyamata: Mayi, pepani, ndikusiyana nanu pang'ono. Tikatsatira zonsezi magazini idzaoneka yaulemu koma yokalamba, ndipo achinyamata amene eni ake akuwafuna sadzaitola n'komwe. Wojambula David Carson anatchuka ndi magazini ya Ray Gun chifukwa chophwanya malamulo omwewa.

Mkonzi wa nkhani: Achimwene, Carson ndimamulemekeza, koma tikumbukire kuti Ray Gun inkalembera achinyamata okonda nyimbo za rock, amene ankafuna chisokonezo chimenecho. Ngakhale mu 1994, pamene anaika nkhani yonse yocheza ndi woimba Bryan Ferry mu Zapf Dingbats, fonti ya tizizindikiro tosawerengeka, nkhaniyo inasindikizidwanso m'zilembo zowerengeka kumapeto kwa magazini yomweyo. Kulimba mtima kumene mukunenako kuli ndi malo ake: pachikuto, pa tsamba lotsegulira nkhani, ndi pa mawu otengedwa m'nkhani n'kukuzidwa. Pamenepo sewerani momwe mungathere. Wachinyamata amakopeka ndi chikuto, koma amene amagula mwezi ndi mwezi ndi uja amene wawerenga mpaka kumapeto osatopa maso.

Wosindikiza: Ndiwonjezere ziwiri zimene zimativutitsa mochedwa. Musanatsimikize, lembani mayina ngati Björk ndi Beyoncé komanso chilembo cha ŵ, muone ngati fontiyo ili nazo, chifukwa ikasowa pulogalamu imabwereka chilembo ku fonti ina ndipo chimaonekeratu kuti n'chachilendo. Werenganinso chilolezo chake, popeza chogwiritsa ntchito posindikiza nthawi zambiri sichiphatikizapo kuika fontiyo pa intaneti. Ngati ndalama zili zochepa, mafonti ambiri a pa Google Fonts ali pansi pa SIL Open Font License, imene imalola zonse ziwiri.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndasintha nkhani zonse kupita ku Minion pa 10.5 pt, mitu ndaika Franklin Gothic yonenepa, ndipo Bodoni ndaisiya pa dzina la magazini lokha, pamene ili yaikulu moti timizere take sitingamezedwe. Masamba akuda ndawachepetsa kufika pa awiri otsegulira nkhani yaikulu, ndipo pamenepo ndatsatira maganizo a achimwene achinyamatawa. Ndasindikiza masamba anayi pa kukula kwake kwenikweni, ndipo ndiwapereka kwa owerenga atatu achikulire ndi awiri achinyamata kuti awerenge ndili pomwepo. Bambo osindikiza, ngati pepala lidzakhale losanyezimira, lomwe limamwa inki kwambiri, kodi 10 pt pa masamba akudawo ikwanira, kapena ndikweze kufika 11 pt?