Msana ukupweteka, koma akuti ndikaonane ndi wa zamaganizo?

Bambo a Chikondi, Ulónguè:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Msana unayamba kupweteka chaka chatha ndikukweza matumba a mbatata ya kachewere m'lole ku Tsangano. Diclofenac ndamwa mpaka m'mimba mwayamba kuotcha. Tulo sindikupeza, nsima ndikungoilawa, ngakhale kumpira sindikufunanso kupita. Namwino atandifunsa ngati ndimaganiza kwambiri, anati ndikaonane ndi técnico wa psiquiatria, wachipatala woona za matenda a maganizo. Akuyesa ndikunama, kapena ndachita misala? Msana ndi mutu zikukhudzana pati?

Mayi Nachisale, Moatize:
Achimwene, palibe amene wanena kuti mukunama. Ine ndimagwira ntchito yaunamwino, anthu ngati inu ndimawaona kawirikawiri. Ululu ukakhalitsa miyezi yoposa 3, munthu amasiya kulima, ndalama zimasowa, tulo timathawa, mtima umagwa. Mtima ukagwa, ululu womwewo umamveka kwambiri, chifukwa serotonin ndi noradrenaline, makemikolo a muubongo omwe amakhudza kusangalala kwa munthu, ndi omwenso ubongo umagwiritsa ntchito potsitsa ululu wochokera kumsana. Ndiye china chimadyetsa chinzake. Mukangochiza msana n'kusiya maganizo, mudzangomwa mapiritsi osatha.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi vuto la msana, ndipo malangizo ake a 2023 amalimbikitsa kulimbitsa thupi ndi uphungu wa maganizo. Kugona pamphasa tsiku lonse kumaumitsa msana. Yendaniyendani m'mawa kusanatenthe. Diclofenac uyo muchepetse, amawononga m'mimba ndi impso.

Gogo Phiri, Zóbuè:
Mwanangu, ine anandidula mphini msana wonse, zipsera zilipobe, ululu sunachoke. Chinandithandiza n'kubwerera kugulu lathu la bawo ndi kulima kadimba pang'onopang'ono. Amuna timabisa zamumtima, timangoti "msana, msana."

Mayi Nachisale, Moatize:
Ndiwonjezere chimodzi. Ngati mukuonda, kutuluka thukuta usiku, miyendo kuchita dzanzi kapena mkodzo kukanika kuugwira, musadikire, pitani kuchipatala msanga akakuyezeni, TB imalowanso m'mafupa a msana. Ndipo ngati maganizo odzipha akukubwererani, uzani técnico uja tsiku lomwelo, komanso mayi a kunyumba.

Bambo a Chikondi, Ulónguè:
Zikomo amayi. Thukuta ayi, koma kuonda ndaonda. Lolemba ndipita kuchipatala ndikawauze zonse ziwiri, za msana ndi za maganizo.