Boti lakale ku Bangula, ndigule?

Wofunsa: Abale, wina ku Bangula akugulitsa boti lamatabwa ndi injini yake. Ndikufuna ndiziwolotsa anthu opita ku Makhanga. Penti ngwatsopano, koma pansi pamatidwa phula wambiri. Ndiyang'ane chiyani?

Msodzi wa ku Chiromo: Achimwene, penti amabisa zambiri. Tengani msomali mubaye matabwa apansi, makamaka kumbuyo kokhala injini. Ukangolowa mosavuta, thabwalo lawola. Kenako ligone pamadzi usiku wonse, m'mawa mukaone madzi olowa.

Mayi wa ku Nsanje: Bambo akunyumba anagula lotere. Padoko injini inkalira bwinobwino, koma titakweza matumba a chimanga inazima pakati pa Shire. Kukonzetsa kunatidyera ndalama yonse ya mbewu, mpaka pano zimandiwawa. Liyeseni litasenza katundu, molimbana ndi madzi.

Wofunsa: Zikomo mayi. Loweruka ndipita ndi makaniko.