Poto wa pulesha: tigule ndi ndalama za gulu kapena tisiye?

Nachisale (msungichuma): Moni nonse. Komiti yabwera ndi ganizo loti ndalama zimene zatsala m'thumba la gulu tigulire poto wa pulesha, tiziphikira nyemba Loweruka tikamaliza masewera olimbitsa thupi komanso pa maphunziro a kaphikidwe. Ena akuti n'kutaya ndalama. Amene mumawadziwa mapotowa tiunikireni tisanavote.

Bambo Mbewe: Gulani. Madzi a m'poto wamba akawira ndiye kuti kutentha kwawo kwathera pomwepo, ngakhale musonkhezere moto chotani. M'mphepete mwa nyanja ya mchere amawira pa madigiri 100, koma kuno kumtunda amawira asanafike pamenepo: ku Lilongwe cha m'ma 96 kapena 97, ku Dedza cha m'ma 95. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kumapiri. Poto wa pulesha amatsekera nthunzi m'kati, kutentha n'kufika pakati pa 115 ndi 120. Nyemba zogona m'madzi usiku wonse zimapsa m'mphindi 10 mpaka 15 kuchokera pamene poto wayamba kulira. Zosaviika zimatenga mphindi 30 kapena kuposerapo pang'ono. Mang'ina amene amadya makala kwa maola atatu kapena anayi amafewa mu ola limodzi.

Nabanda: Zonsezo n'zoona a Mbewe, koma tiyambe ndi funso ili: tiziphika pa moto wanji? Poto ameneyu akayamba kulira amafuna kuti moto uchepetsedwe, uziyaka pang'onopang'ono mosasintha. Pa gasi mumangotembenuza kabatani. Pa mafuwa n'zovuta. Malawi a nkhuni amakwera m'mbali n'kusungunula zogwirira, ndipo mphira wa m'chivundikiro wotsekera nthunzi amauma msanga. Gulu lathu limaphika pa nkhuni ndi makala.

Bambo Mbewe: Pa mafuwa ndikugwirizana nanu, musayerekeze. Pa mbaula ya makala zimatheka. Poto akalira, chotsani makala ena ndi kutseka kachitseko ka mphepo pansi pa mbaula. Makala ochepa okuta pansi pa mbaula amakwanira kumaliza nyemba. Chofunika n'chakuti pansi pa poto pakhale potambalala kuposa kukamwa kwa mbaula, moto usamanyambite m'mbali.

Mayi Gondwe: Ine nkhawa yanga ndi kukula kwake. Anthu akamva kuti poto ndi wa malita 6 amaganiza kuti alowa nyemba za malita 6. Ayi. Nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama zimatupa komanso zimachita thovu, ndiye nyemba ndi madzi pamodzi siziyenera kupitirira theka la poto. Nyama ndi zina mukhoza kufika magawo awiri mwa atatu. Kunena mwachidule, wa malita 6 amanyamula makapu atatu a nyemba zouma, pafupifupi magalamu 600. Loweruka timakhalapo anthu ngati 20, tikufuna kilo ndi theka. Pamenepo n'kuphika katatu, kapena kugula wamkulu, amene mtengo wake ndi wina.

Nachisale: Mfundo iyi komiti sinaiganizire. Wamkuluyo ndalama sizingakwane popanda kusonkheranso.

Achimwene Yona: Nanga wogwiritsidwa kale ntchito wa pa kaunjika? Amapezeka otsika mtengo.

Mayi Gondwe: Amapezeka, koma pitani ndi maso. Poto ameneyu moyo wake uli pa tizinthu titatu. Choyamba ndi mphira wozungulira m'chivundikiro. Akauma kapena kung'aluka nthunzi imatuluka m'mbali, poto salira, madzi amaphwa, nyemba n'kupserera pansi zili zosapsa. Mphirayu amafunika kusinthidwa pakatha chaka kapena chaka ndi theka, ndipo salowana: wa Prestige salowa pa Hawkins, wa masentimita 22 salowa pa poto wa 24. Musanalipire fufuzani kaye ngati mphira wa mtundu umenewo amagulitsidwa m'tauni mwathu muno. Chachiwiri ndi kachitsulo kolemera kokhala pamwamba pa kabowo ka nthunzi. Kayenera kukhala kakekake, chifukwa kulemera kwake ndi kumene kumayeza mphamvu ya nthunzi m'kati. Chachitatu ndi kavalavu kotetezera ngozi, kamene kamatseguka kabowo kaja kakatsekeka. Amisiri ena akapeza kataphulika amatsekapo ndi bawuti kapena msomali. Poto wotereyo msiyeni pomwepo ngakhale akupatseni ulere. Onaninso mlomo wa poto. Ngati unapindika chifukwa chogwa, mphira watsopano sathandiza.

Gogo Nasimango: Ana inu, za kuphulikazi n'zimene zikundiopsa ine. Pagulu pamakhala ana, pamakhalanso anthu ophika mosinthana, wina wodziwa wina wosadziwa.

Bambo Mbewe: Gogo, ngozi zake zimachokera pa zinthu ziwiri, ndipo zonse n'zopeweka. China ndi kabowo kotsekeka. Musanatseke poto, kwezani chivundikiro kudzuwa muone ngati kuwala kukudutsa pa kabowoko. Mu nyemba thirani supuni imodzi ya mafuta ophikira kuti thovu lichepe, ndipo makoko oyandama muwayengule. China ndi kutsegula mokakamiza. Mukaphula, siyani poto mphindi 10 mpaka 15 nthunzi ithe yokha. Chivundikiro chikamalimba ndiye kuti mphamvu ikadalimo, musalimbane nacho. Kwa nyemba kudikiraku n'kofunikanso chifukwa mukatulutsa nthunzi mwadzidzidzi, msuzi umathovokera pa kabowo ndipo nyemba zimasweka.

Nabanda: Onjezani kuti pali zakudya zosayenera kulowamo. Phala, kaya la Likuni kaya la mgaiwa, limatseka kabowo. Therere chimodzimodzi. Nsima siphikidwamo, imafuna mthiko. Bonongwe, nkhwani ndi chisoso zimapsa m'mphindi zochepa pa poto wamba, m'pulesha zimangosanduka phala. Kalongonda amafuna kuwiritsa ndi kutaya madzi kangapo kuti poizoni wake achoke, ndiye kufulumira kwa poto uyu sikuthandiza. Mukachotsa zonsezi mutsala ndi nyemba, nzama, mang'ina ndi nkhuku yachikuda yokalamba. Gulu limaphika zimenezi kamodzi pa sabata. Ndalama yobwerera kudzera m'makala opulumutsidwa idzatenga nthawi yaitali. Pakhomo pophika nyemba katatu pa sabata ndi pamene poto ameneyu amadzigula yekha.

Mayi Gondwe: Koma pali phindu lina la thanzi. Anthu ambiri amathira soda kapena chidulo kuti nyemba zifewe msanga, makamaka zogonera za chaka chatha zija. Soda amawononga vitamini B1. Ndi pulesha soda safunika. Tomato yekha muzithira nyemba zitapsa, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba.

Achimwene Yona: Wamagetsi bwanji? Safuna kulondera, amadzichepetsera moto yekha.

Bambo Mbewe: Ndi wabwino pakhomo. Wa malita 6 amakhala wa mawati pafupifupi 1,000, ndipo nyemba zoviika sizitha theka la yuniti, pamene pa hotipuleti zimadya mayuniti awiri kapena kuposa. Magetsi akazima poto atagwira kale mphamvu ya nthunzi, musatsegule, nyemba zimapitiriza kupsa. Akazima asanagwire, mwagwira njakata. Komanso pabwalo pathu palibe soketi.

Nabanda: Ndiye ganizo langa ndi ili. Cholinga cha gulu n'kuphunzitsa zimene aliyense angakachite kwawo. Dengu losunga kutentha limachita ntchito yomweyi popanda kugula kanthu. Tengani dengu lalikulu, yalani nsanza, udzu wouma kapena mankhusu a mpunga okhuthala masentimita 10 pansi ndi m'mbali, musoke kapilo kovundikira pamwamba. Viikani nyemba maola 8, tayani madziwo, thirani ena, wiritsani mwamphamvu mphindi 15 mpaka 20. Kuwiritsaku musadumphe, nyemba zofiira zosawira bwino zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Kenako ikani poto wovundikira bwino m'dengumo osatsegula kwa maola atatu kapena anayi. Poto akhale wodzaza, chifukwa wa theka amazizira msanga. Mukatulutsa, wiritsaninso pang'ono pothira tomato ndi anyezi.

Gogo Nasimango: Ili ndiye ndalimva. Kungoti wina ayenera kulawirira 5 koloko kuti pomaliza masewera zikhale zitapsa.

Mayi Gondwe: Ndi pamenepo pulesha amapambana, gogo. Dengu limapulumutsa makala, pulesha amapulumutsa makala ndi nthawi yomwe. Ine ndikanati tisagule wamkulu. Tigule watsopano wa malita 6, wachitsulo chosachita dzimbiri ngati ndalama zilola, ndi mphira wapadera mmodzi. Akhale wophunzitsira ndi wobwereketsa kwa mamembala pa kandalama kochepa kogulira mphira. Nyemba za anthu 20 zipite m'dengu.

Bambo Mbewe: Wobwereka aliyense ayambe waphikapo kamodzi pamaso pa wodziwa, ndipo pobweza tiziwerenga zipangizo. Kachitsulo ka pamwamba kaja n'kamene kamasowa.

Nachisale: Ndalemba zonse. A Yona, mawa mukafunse mitengo ya wa malita 6 m'masitolo awiri kapena atatu, mufunsenso ngati amagulitsa mphira ndi kavalavu kake. Nabanda, bweretsani dengu ndi mankhusu Loweruka, nyemba ndiviika ine Lachisanu madzulo. Kuvota tichita tikadya.